Nyuzi sizikuyendanso pa benchi panga, kodi nkhani mukuzitenga kuti anzanga?

Mdala wa pa Ginnery:
Moni nonse muno. Pali kanthu kakundisowetsa mtendere nde ndati ndikatule pano poti muli anthu osiyanasiyana, atolankhani mulimo aphunzitsi mulimo. Ine ndagulitsa nyuzipepala mu Blantyre muno kuyambira 1993 chaka cha referendamu chija The Nation itangoyamba kumene, nthawi imeneyo kunali The Democrat, The Monitor, The Independent ndi tina tambirimbiri toti timatuluka kawiri katatu basi n'kuzimirira. 5 koloko m'mawa ndinkakhala ndafika kale kudikira galimoto, mtolo umabwera womanga ndi chingwe inki isanaume bwino moti pofika 7 zala zonse bii. Loweruka Malawi News inkatha 10 isanakwane, makasitomala ena amachita kusiyiratu ndalama Lachisanu kuti ndiwasungire. Panopa ndimaoda ochepa zedi koma madzulo ndimabwezabe. Dzulo mnyamata wina waima pa benchi panga, watulutsa foni wajambula tsamba loyamba n'kumapita. Sindinamukalipire ayi koma mumtima munandiwawa. Funso langa ndi ili, ngati tonse tikuwerenga ulere amene analemba nkhaniyo adya chiyani, nanga akasiya kulemba tizitumizirana chiyani m'mafonimu?

Wa ku Joni:
Madala pepani ndithu. Koma tinene chilungamo, ife tili kunjaku popanda foni bwenzi tili mumdima. Ine ndili ku Johannesburg chaka chachisanu ndi chitatu ichi, nyuzi ya pepala ya kumudzi sindinaigwirepo. Ndikadzuka ndi Zodiak pa Facebook, Times 360, Nation Online, kenako Nyasa Times ndi Malawi24, pofika ku ntchito ndadziwa kale mtengo wa chimanga ku Lunzu kuposa mlongo wanga amene ali ku Lunzu komweko

Nachisale:
Bambo a pa Ginnery funso lanu landikhudza chifukwa amene mukumufunsa kuti adya chiyaniyo ndine. Ndimalemba nkhani kuchokera kuno ku boma, kutumiza ku likulu, amandilipira pa nkhani yomwe yatuluka osati pa mwezi. Kale umapita kukafunsa anthu, kubwera kudzalemba modekha, mkonzi amaiona madzulo n'kukuimbira kuti apa sipakumveka kafunsenso mbali inayo. Pano ndikafika pamalo foni yomweyi ndijambule chithunzi, ndijambule vidiyo, nditape mawu a wailesi, ndilembe ndime ziwiri za pa peji, zonsezi pasanathe mphindi 15 chifukwa pali mnyamata wa kabaza amene waposita kale. Ntchito ya anthu anayi malipiro a munthu mmodzi, bando ndigule ndekha, thiransipoti ndekha.

Mwezi watha ndinayenda ulendo wa maola awiri pa njinga yamoto kukaona mlatho umene unakokoloka ana akuoloka m'madzi popita kusukulu. Ndinalankhula ndi amfumu, ahedi, amayi atatu, ndinadikira mkulu wa ku khonsolo mpaka madzulo kuti ayankhepo. Nkhani itangotuluka pasanathe ola mapeji anayi anali atakopera liwu ndi liwu, chithunzi changa adula pamene panali dzina langa aikapo chizindikiro chawo. Iwo ndi amene anapeza malaiki ndi otsatsa malonda. Ine ndalama ya njinga sinabwerere mpaka lero.

Aphunzitsi a ku Mulanje:
Achemwali zimenezi ndi zomvetsa chisoni. Komanso tisaiwale kuti pepala lenilenilo limachokera kunja, inki kunja, zonse zimafuna madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mtengo wa nyuzi sukanakhala pomwepo. Munthu ali ndi ndalama yochepa m'thumba asankha bando ya tsiku yomwe aonerapo nkhani, mpira, n'kuyankhulanso ndi mwana wake, sangagule pepala limodzi. Si kuti anthu asiya kukonda kuwerenga ayi, kusukulu kwathu nyuzi ikafika mu sitafu rumu imayenda manja 20

Wa ku Joni:
Nanga PDF ya nyuzi ija imazungulira m'magulu a WhatsApp 6 koloko m'mawa amaitulutsa ndani? Ine ndivomere ndimailandira ndipo ndimawerenga, lero ndi pamene ndaganiza kuti ndikumubera Nachisale

Nachisale:
Munthu mmodzi amalipira e-paper, nyuzi yomweyo yowerengera pa foni, n'kugawira gulu la anthu 500, guluro ligawira magulu ena. Achimwene ngati mungathe lembetsani yanuyanu, ndi ndalama yochepa kwa inu amene mukulandira marandi

Mayi a Tadala:
Ine vuto langa si ndalama koma bodza. Mukukumbuka pa 10 June 2024 ndege ya a Chilima itasowa? Usiku umene uja sindinagone, foni kumangolira, wina akuti yatera bwinobwino kwinakwake onse ali moyo, wina watumiza chithunzi cha ndege yakugwa ya dziko lina kalekale akuti ndi imeneyi, mavoisi noti a anthu osadziwika aliyense akuti ndili ndi m'bale wanga ku usilikali wandiuza. Apongozi anga amadwala BP anachita kugwa pansi ndi chimwemwe titawauza kuti apezeka ali moyo, mawa lake pa 11 n'kumva kuti ndege yapezeka ku Chikangawa anthu onse 9 palibe wopulumuka. Amene anayambitsa bodza lija mpaka lero sitikumudziwa ndipo sanapepese kwa aliyense

Mdala wa pa Ginnery:
Mayi mwanenadi. Nyuzi ikalakwitsa mawa lake imalemba kupepesa pa tsamba lachiwiri, ofesi yake timaidziwa, mkonzi dzina lake lilipo, ukhoza kupita ku Media Council kapena kukhoti. Voisi noti ukaisumira kuti

Che Jafali:
Koma madala musawayeretse kwambiri anyuziwo. Ena mwa iwo ndi amene anatithamangitsira ku mavoisi noti. Nkhani yoti aliyense mtauni akuidziwa iwo duu chifukwa wotchulidwayo ndi amene amaika malonda m'nyuzimo, kapena boma lawaopseza kuti tisiya kutsatsa kwa inu. Nanga chipondamthengo chija atolankhani amalandira pakutha pa msonkhano, munthu wakupatsa envelopu ungamulembe zoipa? Nchifukwa chake anthu amathamangira Bakili Muluzi TV ndi ena otere obisa maina awo, kaya zoona kaya zabodza koma akuona ngati uyu saopa

Nachisale:
Che Jafali za envelopu sindikana, zilipo ndipo zimatichotsa ulemu. Koma taganizani mtolankhani uja ndanena wopita yekha pa njinga yamoto osabwezeredwa, bungwe likamuitana n'kumupatsa ya thiransipoti akana bwanji? Ndalama za malonda zikamathawira kwa Facebook ndi Google maenvelopu ndi pamene akuchuluka chifukwa kampani ilibe chokupatsa. Nde mukasiya kugula nkhani mukuti mukulanga atolankhani achinyengo koma amene akuyamba kugwa ndi achilungamo omwe amakana envelopu

Aphunzitsi a ku Mulanje:
Ndiikepo mbiri pang'ono. Zolemba zopanda dzina sizinayambe ndi WhatsApp. Mu 1992 timakalata tinkalowa m'dziko muno pa fakisi, anthu n'kumachita fotokope usiku kumapatsirana mobisa, ukapezeka nako unali m'madzi. Wailesi inali MBC yokha, nyuzi zikuluzikulu zinali Daily Times ndi Malawi News basi zonse zoyamika Ngwazi. Ndiye ine sindinyoza munthu wobisa dzina, nthawi zina kubisala ndi kumene kumapulumutsa. Koma chimene chinagwedeza dziko chaka chimenecho ndi kalata ya maepiskopi a Katolika ija inawerengedwa m'matchalitchi mu March, ndipo mphamvu yake inali yoti eni ake anasaina maina awo pansi, boma linadziwa kowapeza ndipo linawaitanadi. Anthu anakhulupirira chifukwa anaona kuti awa aika khosi lawo. Wobisala ukhoza kumumvera koma uyenera kufunsa kuti akandinamiza ataya chiyani

Che Jafali:
Apa aphunzitsi mwandigwira. Komabe kuika dzina m'dziko muno n'kodula. Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism anaika dzina lake pa nkhani za wabizinesi Zuneth Sattar, mu April 2022 apolisi anamutenga n'kumulanda foni ndi laputopu kufuna kudziwa amene anamupatsa chikalata. Mu 2024 anachita kubisala atalemba za ndalama zomwe a usilikali ankalipira kampani ina. Ndipo PIJ ilibe pepala, ndi ya pa intaneti yokhayokha, nde musamati za pa intaneti zonse ndi zopanda pake

Nachisale:
Eya ndi zoona, ndipo taonani chimene analanda, foni. Kale kope lako la manotsi umatha kulibisa kudenga, pano aliyense amene unalankhula naye ali mufoni imodzi, manambala, mauthenga, zithunzi za zikalata. Ine munthu akafuna kundiuza nkhani yovuta ndimamuuza kuti tikumane pamaso foni tisiye kunyumba. Lamulo lija la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lamangitsa anthu angapo chifukwa cha zolemba pa WhatsApp ndi Facebook, bungwe la atolankhani la MISA Malawi lakhala likudandaula za ilo. Chabwino n'choti lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito mu September 2020 ndiye pena umatha kulemba kalata kupempha zikalata, ngakhale maofesi ambiri amangokhala chete mpaka utatopa

Padi wa ku Kawale:
Akuluakulu ndilowepo ndi mbali yanga ngakhale ena muti ndi zachibwana. Ine ndili ndi kashopu ka magemu, ma PS4 atatu PS5 imodzi ma TV anayi, malo omwewo bambo anga ankaonetsa vidiyo sho kale. Zomwe mukudandaula za nyuzi ife tikuziona mbali inayo, foni ndi intaneti zatitsegulira chinthu chomwe kunalibe. Loweruka lililonse timapanga mpikisano wa FC, gemu ya mpira ija inkatchedwa FIFA mpaka anasintha dzina mu 2023, anyamata 32 aliyense amaponya kangachepe wopambana amatenga. Fainolo timaionetsa laivu pa Facebook foni itatsamira pa botolo la Sobo, mnyamata wina amaulutsa m'Chichewa ngati wa pa wailesi ndipo anthu amaonera mpaka ena ali ku Cape Town. Palibe nyuzi kapena wailesi inabwerapo kudzalemba za ife, tinadzipangira tokha

Mayi a Tadala:
Achimwene inu nde amene mukutimalizira ana. Wanga wa Fomu 3 ndalama ya sopo yonse imathera kumeneko, kenako ndamupeza ali pa kandege kaja kobetcha

Padi wa ku Kawale:
Mayi ndikumvetsa koma tisiyanitse zinthu ziwirizi chonde. Kandege ka Aviator ndi juga, palibe luso, umangoika ndalama n'kumadikira kuti kathawa liti ndipo pamapeto wopambana ndi mwini kampani. Ine pa shopu panga kubetcha pa foni ndinaletsa ndipo wa yunifolomu salowa nthawi ya sukulu, ndimabweza ndithu ngakhale ndalama ndikuifuna. FC kapena eFootball kapena PUBG ndi luso ngati bawo, amene waphunzira kwambiri ndi amene amawina. Pali kamnyamata kena ka zaka 15 kamabwera ndi padi yakeyake, chija timagwira m'manja posewera gemu, yomata ndi tepi, bambo ake amasoka nsapato, kakakhala pampando sikayankhula kamangoluma mlomo, akuluakulu a ndevu amatuluka atamwa 6 kwa 0. Ndipo timu yomwe kamakonda kusankha ndi Kansas City Current chifukwa muli Temwa Chawinga, kamati ndikufuna ndigoletse ndi wakwathu. Atsikana awiri anayamba kubwera chifukwa cha chomwecho, kuona Temwa ndi Tabitha ali mugemu

Wa ku Joni:
Kunoko ndi ntchito ndithu imeneyo. Thabo Moloi amene amadziwika kuti Yvng Savage anasainidwa ndi Red Bull mu 2020 chifukwa cha FIFA yomweyo. Kunja nde osanena, mu 2019 mwana wa zaka 16 Bugha anawina madola 3 miliyoni pa Fortnite World Cup ku New York, ndipo Esports World Cup ya ku Riyadh mu 2024 mphoto zonse pamodzi zinapitirira madola 60 miliyoni

Padi wa ku Kawale:
Zimenezo timazionera pa YouTube mtima n'kumawawa achimwene chifukwa kuti ukafike kumeneko uyenera kudutsa mipikisano ya pa intaneti ndipo apa ndi pamene timagwera. Pali chinthu timati ping, nthawi yomwe imatenga kuti ukadina batani uthenga upite ku seva, kompyuta yaikulu yoyendetsa gemu, n'kubwerera. Maseva ali ku Johannesburg, ena ku Ulaya kapena ku Middle East, intaneti yathu imayenda pa faiba kudutsa Tanzania kapena Mozambique kukafika kunyanja. Mnzako ali pafupi ndi seva ping yake ili 15, iwe uli pa 120 kapena 200, ukadina kuti upase mpira iye walanda kale. Kamnyamata kanga kaja pa shopu palibe amakagonjetsa koma tikakalowetsa pa intaneti kamaluza kwa anthu oti pamaso sangakaone n'komwe, tsiku lina kanalira misozi magetsi atazima kakutsogola 2 kwa 1 mphindi zomaliza, jenereta pomwe imalira gemu inali itawerengedwa kale kuti kathawa. Komanso gemu imodzi kuti ipange apudeti imadya ma GB 30 kapena 40, ndimachita kunyamula PS kupita nayo kwa mnzanga wa ku ofesi usiku

Aphunzitsi a ku Mulanje:
Nanga Starlink, intaneti ya setilaiti ija inabwera mu 2023, sinathandize?

Padi wa ku Kawale:
Ikuthandiza amene ali nayo makamaka pa kudawunilodi, koma zida zake ndi malipiro a pamwezi kwa kashopu ngati kanga ndiyenera kuganiza kawiri. Tikukambirana ndi anzanga a mashopu atatu oyandikana kuti tisonkherane

Nachisale:
Achimwene a ku Kawale mukudziwa kuti zomwe mukunenazi ndi nkhani yathunthu? Ndipo ndikuvomera mlandu, ife masamba a masewero timangodzaza Bullets ndi Manoma, netiboli pang'ono, nkhonya pakona, za magemu timaziona ngati zoseweretsa ana. Koma taonani vuto lanu ndi langa ndi limodzi, bando, magetsi, netiweki. Mu 2020 achinyamata anachita kampeni ija ya Data Must Fall mitengo inatsikako, koma kumudzi kumene ndimagwira ntchito mayi amakwera pachulu kuti uthenga upite. Anthu amenewo nkhani amamvera pa wailesi mpaka lero, nthawi ya Freddy mu March 2023 mafoni atazima mitengo ya magetsi itagwa chimene chinatsala ndi kawailesi ka mabatire

Mdala wa pa Ginnery:
Wailesi siifa imeneyo. Pa 3 February 2020 tsiku la chigamulo cha chisankho tauni yonse inali zii, pa benchi panga tinazungulira wailesi imodzi anthu oposa 30 kuyambira m'mawa mpaka mdima, majaji akuwerenga. Mawa lake nyuzi zinatha 8 isanakwane, anthu amagula ziwiriziwiri kuti akasunge. Ndi tsiku lomaliza lomwe ndinabwerera kunyumba chimanjamanja wopanda yobweza

Che Jafali:
Chomwe chikundiopsa ine panopa ndi AI, nzeru za kompyuta zija zotha kupanga zithunzi, mawu ndi zolemba. Chisankho cha September 2025 chisanachitike munaona zithunzi zija zokhala ndi chizindikiro cha wailesi kapena nyuzi yodziwika koma nkhani yake yabodza, eni ake kumachita kudinda FAKE n'kupositanso koma yabodzayo yafika kale kumudzi. Pano akutha kutenga mawu a munthu n'kumuyankhulitsa zomwe sananene. Mayi anga sadziwa kuwerenga, chawo ndi voisi noti, akamva mawu ofanana ndi a mtsogoleri amene amamudziwa ndiwauza bwanji kuti ndi kompyuta

Nachisale:
Chimene ndimawauza abale anga ndi chophweka, mukalandira chinthu chokhala ndi chizindikiro cha Zodiak kapena Times kapena MBC pitani pa peji yawo yeniyeni mukaone ngati chilipo, ngati palibe musatumize. Kwa amayi anu auzeni adikire nkhani za pa wailesi za madzulo, ngati ndi zoona zazikulu choncho azinena. Kuntchito anzathu ena ayamba kulembetsa nkhani kwa ChatGPT, Chingerezi chimatuluka chosalala koma ChatGPT sangakwere njinga yamoto kukaona mlatho, sadziwa kuti amfumu aja anayamba akana kuyankhula mpaka nditakhala pamkeka n'kudya nawo chinangwa

Mayi a Tadala:
Achimwene a magemu ndiye mwati wa yunifolomu mumabweza? Ngati ndi choncho wangayu ndimulola Loweruka lokha koma kandege ayi, ndipo ndibwera ndidzaone ndekha malowo

Padi wa ku Kawale:
Bwerani mayi mpando ulipo, makolo ena amabwera kudzaonera fainolo. Timayamba 1 koloko kutha 6, mowa ndi fodya sizilowa

Wa ku Joni:
Ine ndalembetsa e-paper pompano, ndatuluka mugulu la PDF lija. Achemwali a Nachisale ya njinga yamoto ija inali zingati ndikutumizireni, osati envelopu ayi palibe nkhani yomwe ndikufuna mundilembere

Nachisale:
Zikomo achimwene koma musatumize kwa ine, mwalembetsa basi zakwana. Ngati mukufunadi kuthandiza mlatho uja mpaka pano sunakonzedwe ndipo mvula ikubwera, ndikupatsani nambala ya komiti ya sukulu kumbali mulankhule nawo nokha. A ku Kawale ndili ku Lilongwe sabata ya mawa, ndidzabwera Loweruka ndi foni yangayi, kamnyamata ka padi yomata tepi kaja mukapemphe makolo ake kaye ngati angalole kuti ndikajambule

Mdala wa pa Ginnery:
Mwana wanga ikatuluka imeneyo undiuze tsiku lake ndiode ochulukirapo, ndidzaitsegula pa tsamba lomwelo n'kuipanikiza ndi mwala pa benchi kuti anyamata odutsa aione. A ku Kawale munditumizire dzina la shopu kumbali, ndili ndi mdzukulu ku Area 23 amene amangokhalira foni, mwina Loweruka angabwere

Padi wa ku Kawale:
Ndatumiza madala. Abwere ndi padi yake ngati ali nayo, zanga ziwiri kandodo koyendetsera kayamba kukokera kumanzere